Mbali Ziwiri za Kaseti Imodzi

Kaseti imene ndikuikamba inafika kwathu ku Dedza m'chaka cha chilala, 1992, pamodzi ndi gitala, nsapato zazikulu zimene sizinakwane munthu aliyense pabanja pathu, ndi dikishonale yothothoka chikuto. Mwini wa zonsezi anali mphunzitsi wina wa ku America amene anaphunzitsa masamu zaka ziwiri pasukulu ya sekondale yoyandikana ndi mudzi wathu. Achimwene anga, amene ndimasiyana nawo zaka 8, ndiwo ankamuphunzitsa Chichewa madzulo ndi kumusamalira dimba la ndiwo zamasamba. Potsanzika, mphunzitsiyo analibe ndalama yoti awapatse, choncho anawasiyira zimene sizikanakwana m'chikwama chake. Amayi anadandaula kuti bola akanasiya bulangeti.

Inali kaseti wamba ya mphindi 90, yojambulidwa kunyumba, mayina ake olembedwa ndi bolopeni yofiira. Mbali yoyamba panalembedwa R.E.M., Out of Time. Mbali yachiwiri, Nirvana, Nevermind. Zimbale ziwirizo zinatuluka chaka chimodzi, 1991, china mu Malichi china mu Seputembala, ndipo chilichonse chinkakwana bwinobwino pa mbali yake ya mphindi 45, ngati zinapangidwira kuti ziberekane kumsana. Ife sitinkadziwa kuti kunja kuno zinali zitagwedeza kale anthu mamiliyoni. Dzina loyamba lija tinkalitchula kuti Remu, ngati la mnyamata wa kutsidya kwa dambo.

Wowerenga wa lero ayenera kukumbutsidwa makutu amene tinali nawo. Nyumba youlutsira mawu inali imodzi yokha, MBC. Wailesi yakanema inadzabwera mu 1999. Tinkadziwa Allan Namoko ndi banjo yake, Daniel Kachamba, Robert Fumulani, Kalimba, Alleluya ya ku Balaka. Ochokera kunja anali Jim Reeves, Don Williams, Lucky Dube ndi kwasakwasa wa Kanda Bongo Man. Onsewa, kaya akuimba za chikondi kaya za imfa, ankaimba mwadongosolo, ngati anthu odziwa kuti akulu akumva. Komanso linali dziko limene mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa pabwalo la ndege asanalowe, ndipo bungwe loona zoyenera kuwerengedwa ndi kumvedwa linkatha kuletsa nyimbo chifukwa cha dzina limodzi lokha la mkazi lopezeka m'menemo.

Wailesi ya kaseti inali ya abambo, imene anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Joni, ndipo inkadya mabatire 6 akuluakulu. M'chaka chimene chimanga chinapserera m'munda chisanamasule, mabatire sanali chinthu choseweretsa. Tinkawayanika padzuwa kuti abwezeko mphamvu, ndipo kaseti tinkaibweza ndi bolopeni, kuizunguza m'mwamba mpaka mkono kutopa. Mwa ichi, kusankha mbali yoti timvere inali nkhani yaikulu. Achimwene ankafuna mbali yoyamba. Ine, mnyamata wa zaka 14, ndinkafuna yachiwiri. Mkangano umenewu unakhalitsa kuposa kaseti yeniyeniyo.

Chimene chinawakoka achimwene chinali kachida kamene kamatsegula nyimbo ya "Losing My Religion". Ankati ndi banjo, ndipo ankalumbira kuti mzungu woimbayo anamverapo Namoko. Inali mandolini, ndipo woiimba, Peter Buck, anali akungoiphunzira kumene pamene anapeka kaimbidwe kameneko. Koma achimwene sanalakwitse kwenikweni, pakuti kulira kwa zingwe zopyapyala zobwerezabwereza kunali kwachibale ndithu. Anakhala milungu pakhonde akusaka kulira kumeneko pa gitala yawo yatsopano, chala chimodzichimodzi. Tsoka linabwera ndi ine. Pofuna kuonetsa Chingerezi changa cha Fomu 1, ndinatenga dikishonale ija n'kumasulira mutu wa nyimboyo pamaso pa amayi: kutaya chipembedzo. Amayi, munthu wa Chigwirizano wosajomba kumsonkhano, analamula kuti nyimboyo isamvekenso pakhomo pawo. Patapita zaka zambiri ndinadzamva kuti kum'mwera kwa America, kwawo kwa oimbawo, mawuwo sanena za tchalitchi ayi. Ndi chining'a chonena munthu amene kupirira kwake kwafika pamapeto. Ndinawanamizira anthu osalakwa.

Mbali yachiwiri amayi sanafune n'kumasuliridwa komwe. Atamva mphindi imodzi ya "Smells Like Teen Spirit" anangoti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, n'kubwerera kukapeta chimanga chachikasu cha chithandizo. Koma ine nyimbo imeneyo inandigwira pakhosi. Sindinkamva liwu ndi limodzi lomwe, ndipo pambuyo pake ndinadzatonthozedwa pomva kuti ngakhale eni Chingerezi ankavutika nayo. Chimene ndinkamva chinali mayendedwe ake: nyimbo imatsika, n'kumanong'ona ngati munthu amene akudzigwira pamaso pa apongozi, kenaka mwadzidzidzi n'kuphulika, kukuwa kosapempha chilolezo, n'kubwereranso kukanong'ona. M'chaka chomwecho, pa 8 Malichi, kalata ya maepiskopi inali itawerengedwa m'matchalitchi a Katolika. Chakufwa Chihana anamangidwa mu Epulo atangotsika ndege. Akuluakulu ankayamba ayang'ana kumbuyo asanalankhule. Sindinganame kuti ndinkamvetsa ndale. Koma kunong'ona ndinkakudziwa, ndinakuliramo. Kukuwa ndiko ndinali ndisanakumvepo.

Dzina lakuti alternative rock ndinadzalimva ndili kale ku koleji ku Zomba. Ndi dzina lachilendo, chifukwa silinena momwe nyimbozo zimamvekera koma kumene eni ake ankakhala: kunja kwa mpanda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, makampani akuluakulu ojambula nyimbo ku America ndi nyumba zoulutsira mawu zamalonda zinali ndi muyeso wawo wa nyimbo yogulitsika. Amene sankakwana pa muyesowo ankajambulitsa ku timakampani ta anthu awiri kapena atatu, nyimbo zawo n'kumaulutsidwa ndi ophunzira pa timawailesi ta m'mayunivesite, iwo eni n'kumayenda tauni ndi tauni m'galimoto imodzi yakutha, kugona pansi m'nyumba za owakonda. Amene anaponda njira imeneyi mpaka kuoneka kuti ndi njira anali R.E.M., anyamata anayi a m'tauni ya Athens, m'chigawo cha Georgia: Michael Stipe wotsogolera nyimbo, Buck amene ankagulitsa m'sitolo ya zimbale, Mike Mills wa besi, ndi Bill Berry wa ng'oma. Anaimba koyamba pa 5 Epulo 1980, paphwando lokumbukira kubadwa kwa mnzawo, m'tchalitchi chakale chimene anthu anali atasiya kupempheramo (izi ndinachita bwino osawauza amayi). Chimbale chawo choyamba chachikulu, Murmur, cha 1983, magazini ya Rolling Stone inachitcha chopambana m'chaka chimenecho, pamwamba pa Thriller ya Michael Jackson, ngakhale ogula anali ochepa zedi poyerekeza. Anakwera pang'onopang'ono, chimbale chimodzi chaka chilichonse, ndipo pamene ankasaina ndi Warner Bros. mu 1988 anali atadziwa kale chimene akufuna ndi chimene angakane.

Chinthu chimodzi chimene anachita poyambirira penipeni ndimachiganizira kawirikawiri. Anagwirizana kuti nyimbo iliyonse, kaya waipeka ndani, ilembedwe mayina a onse anayi, ndipo ndalama zigawidwe mofanana. Amene anakhalapo pafupi ndi bandi ya kuno kwathu akudziwa kuti mabandi sathera pa nyimbo; amathera pa envulopu imene mwini hotela wapereka kwa mtsogoleri anzake osaona.

Nirvana inadutsa pa njira imene ena analambula, koma inadutsa mothamanga. Kurt Cobain anabadwa mu 1967 ku Aberdeen, tauni yocheka matabwa m'chigawo cha Washington, mwana wa makaniko. Makolo ake analekana iye ali ndi zaka 9, ndipo asanatchuke anagwirapo ntchito yokolopa. Chimbale choyamba cha gulu lake, Bleach, chinajambulidwa ndi madola 606 okha n'kutuluka mu 1989 pa kakampani ka Sub Pop ku Seattle. Kunong'ona ndi kukuwa kuja kumene kunandigwira pakhosi sanakupeke yekha. Anavomera poyera kuti anatengera kwa Pixies a ku Boston, gulu limene panthawiyo silinalemere nalo luso lakelo. Amene anawalozera khomo la kampani yaikulu anali Sonic Youth a ku New York. Kampaniyo inatumiza m'masitolo a ku America makope osakwana 50,000 a Nevermind, poganiza kuti ndi okwanira poyambira. Mu Januwale 1992 chimbalecho chinachotsa Dangerous ya Michael Jackson pa nambala 1, ndipo chagulidwa makope oposa 30 miliyoni. Mpanda uja unagwa kamodzin'kamodzi. Makampani anathamangira ku Seattle kukasaina aliyense wonyamula gitala atavala malaya ong'ambika, ndipo munthu amene anakula akunyoza nyimbo zamalonda anangozindikira kuti katundu wogulitsika kuposa onse ndi iye mwini.

Uthenga wa imfa yake unatipeza pa BBC, m'mawa wa Loweruka, pa 9 Epulo 1994. Abambo anali atakhala ndi wailesi pamiyendo akutsatira za ku Kigali, kumene ndege ya pulezidenti inali itagwetsedwa masiku atatu m'mbuyomo ndipo anthu anali atayamba kuphedwa m'misewu. Chakumapeto kwa nkhani, wowerenga anatchula kuti woimba wa ku Seattle wapezeka atafa kunyumba kwake, ndipo zikuoneka kuti anadzipha. Anali ndi zaka 27. Ndinatuluka n'kukalira kuseri kwa nkhokwe. Abambo atamva chimene ndikulirira anandiyang'ana nthawi yaitali. "Anthu akutha ku Rwanda," anatero, "iwe ukulirira mzungu amene anali ndi chilichonse?"

Ndinalibe yankho, ndipo gawo lina la funsolo limandilasabe mpaka lero. Kunali kutatsala milungu isanu kuti dziko livote pa 17 Meyi. Othawa nkhondo a ku Mozambique anali akupasula misasa yawo m'malire mwathu kubwerera kwawo. Maliro a matenda amene tinkaopa kuwatchula dzina anali atayamba kuchuluka. Misozi inali ndi kopita kokwanira pafupi pompano. Komabe chimene abambo sankachiona, chimene inenso sindikanatha kuchifotokoza, n'chakuti munthu akhoza kukhala ndi chilichonse koma m'kati mwake muli chilombo chimene sichidya ndalama. Cobain anavutika ndi m'mimba kwa zaka zambiri, anali kapolo wa heroin, ndipo anali ndi nthenda ija imene chilankhulo chathu chimaiperewera: tikati kukhumudwa tachepetsa, tikati misala tawonjeza.

Koma phunziro limene ndinatola pa imfayo linali loipa, ndipo sindinalitole ndekha. Magazini akale amene ndinkawapeza pa kaunjika wa mabuku analitola nane. Ndinakhulupirira kuti woimba weniweni ndi amene wapsa ndi moto wake womwe, ndi kuti amene wafika pomera imvi ndiye kuti penapake anagonja. Amayi ananena za ng'oma yong'ambika ngati chenjezo. Ine ndinaisandutsa ulemerero.

Achimwene anapita ku Blantyre mu 1995, gitala kumsana. Inali nthawi imene pakamwa pa dziko panali patatseguka. Lucius Banda anali atatulutsa Son of a Poor Man, makaseti ankagulitsidwa pakona iliyonse ya Limbe, ndipo mnyamata aliyense wodziwa kugwira gitala ankadziona kale ali pachikuto. Analowa bandi ya anthu 6 yoimba m'mahotela, m'maukwati ndi pamisonkhano ya chipani chilichonse chimene chalipira. Usiku wonse ankaimba nyimbo za eni: rege, rumba, Don Williams wa akuluakulu akaledzera. Nyimbo zawozawo, zimene ankazipeka pa zingwe zopyapyala zija, zosakanikirana Namoko ndi Buck mpaka osadziwikanso mwini, ankaziimba m'bandakucha anthu atatha. Anajambula kaseti imodzi mu 1998. Wamalonda wina anagula tepi yoyambirira ndi ndalama imene sinafike kumapeto kwa mwezi, ndipo makope ake achimwene ankangowaona pamsika osalandirapo kanthu. Ndili nayo imodzi. Ndi yabwino, ndipo sindikunena chifukwa cha ubale. Nyimbo ziwiri m'menemo zikanatha kuima pambali pa chilichonse chimene chinatuluka m'dziko muno zaka zimenezo.

Zina zonse ndinkazimva mwa apo ndi apo: mowa umene mwini bala amalipira nawo m'malo mwa ndalama, lendi ya ku Ndirande, chifuwa chosatha. Pofika chaka cha 2000, atatu mwa anthu 6 aja anali atagona kumanda. Mu 2001 achimwene anatsika basi pa Dedza ataonda ngati bango, anagulitsa gitala kwa mphunzitsi wa kwaya, nagula feteleza ndi mbewu ya kachewere, n'kutsegula munda wa malemu agogo m'mphepete mwa phiri.

Khirisimasi ya chaka chimenecho, njala ija ya 2002 itayamba kale kununkha, ndinabwera kutchuthi ndili m'chaka chomaliza ku koleji, mutu wodzaza ndi mabuku. Ndinawapeza akupopera mankhwala m'mizere, atavala nsapato zija za mphunzitsi, atazitsendera nsanza kutsogolo kuti zikwane. Ndinawafunsa za gitala. Atandiuza, ndinalankhula mawu amene ndikuwalemba pano chifukwa ndawabisa kokwanira. Ndinati: "Achimwene, inu mwagonja. Cobain sakanasinthanitsa gitala ndi feteleza." Anatsitsa mpope pansi, napukuta manja pa thalauza. Sanakwiye. Anati: "Ndakwirira anzanga atatu, mphwanga. Iwe umafuna ndikhale wachinayi kuti uzikandinyadira ku Zomba?" Kenaka anabereka mpope uja n'kupitiriza mzere.

Ndikanakonda kunena kuti sindinkadziwa kuti gawo la ndalama ya gitalayo ndilo linalipira fizi yanga ya teremu imeneyo. Ndinkadziwa, amayi anali atandilembera kalata. Ukayenda siya phazi, amatero akulu, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga unanditsata zaka zambiri. Tinkapatsana moni, tinkakumana pamaliro, tinakwirira limodzi abambo, koma za nyimbo sitinakambenso.

Nkhani ya Bill Berry ndinaipeza mochedwa, cha m'ma 2004, pa kompyuta ya m'kanyumba ka intaneti ku Lilongwe kumene tinkalipira pa mphindi. Ndinkafufuza za Cobain monga mwa chizolowezi, n'kupatukira mwangozi ku mbali yoyamba ya kaseti ija. Pa 1 Malichi 1995, R.E.M. ili pachimake pa kutchuka, ikuimba ku Lausanne m'dziko la Switzerland, Berry anadwala mwadzidzidzi nagwa: mtsempha wa magazi unali utaphulika mu ubongo. Madokotala a kumeneko anamupulumutsa, ndipo patapita miyezi yowerengeka anabwerera pa ng'oma kukamaliza ulendowo. Chaka chotsatira gululo linasaina mgwirizano watsopano ndi Warner umene manyuzipepala ankati ndi wa madola 80 miliyoni. Mu Okutobala 1997, Berry anasiya. Sanakangane ndi munthu. Anali atatopa ndi mahotela ndi ndege, ndipo ankafuna kumadzuka m'mawa pamalo amodzi. Anaika lamulo limodzi lokha: ngati kuchoka kwake kupasule gululo, sachoka. Anzake atamulonjeza kuti apitiriza, anapita kumunda wake pafupi ndi Farmington, ku Georgia konko, n'kukhala mlimi wa udzu wodyetsa ziweto.

Ndinakhala ndikuyang'ana kompyutayo mpaka mtsikana wolandira ndalama anandikumbutsa kuti mphindi zikuwerengedwa. Munthuyu sanali wongoomba ng'oma kumbuyo kwa anzake. Ndiye anapeka gawo lalikulu la "Everybody Hurts", nyimbo ya pa Automatic for the People ya 1992, imene gululo linaipanga dala m'mawu osavuta kuti wachinyamata amene watopa ndi moyo aimve, asathamangire chingwe.

Sindikufuna kunamiza wowerenga kuti Berry ndi achimwene ndi amodzi. Wina anapita kumunda ndi chuma chimene adzukulu ake sadzachimaliza. Wina anapita ndi matumba anayi a feteleza ndi chifuwa. Wina anasankha ali ndi njira zambiri. Winayo njira zinali ziwiri, ndipo imodzi inkalowera kumanda. Komanso, kunena zoona, nyimbo za R.E.M. zinazilala Berry atachoka. Zimbale zisanu zimene anatulutsa atatu otsalawo zili ndi nyimbo zabwino apa ndi apo, koma pali china chimene chinapita ndi mlimiyo. Kusiya kuli ndi mtengo wake, ndipo achimwene anaulipira: nyimbo zimene akanapeka pa zaka 35 kapena 45 palibe adzazimve. Chimene chinandiswa mtima n'china. Cobain mwiniyo, amene ine ndinamusandutsa chikwapu, ankasirira mbali yoyamba ya kaseti. Miyezi yochepa asanafe anauza Rolling Stone kuti amagoma ndi momwe R.E.M. inasenzera kutchuka popanda kuwonongeka. Stipe, ataona kuti mnzakeyo akumira, anakonza zoti ajambule limodzi nyimbo, ngati njira yomutulutsira m'nyumba. Anamutumizira tikiti ya ndege ndi galimoto yodzamutenga, koma Cobain sanatuluke. Nyimbo ya "Let Me In" pa chimbale cha Monster ndiwo maliro amene Stipe anamulirira. Pamene achimwene ankamira ku Ndirande, ine sindinatumize ngakhale kalata. Atadzivuula okha, ndinawanyoza chifukwa chosamira.

Anthu akamakamba za chikoka cha oimba amenewa, kawirikawiri amawerenga magulu amene anatengera kaimbidwe kawo, ndipo ndi ambiri. Nyimbo zochuluka za gitala za m'ma 1990 ndi ana a kunong'ona ndi kukuwa kuja, ena ooneka bwino, ambiri ongotengera mkuwo opanda chilonda chake. Ine masiku ano ndimayang'ana china: momwe aliyense anatulukira m'nyumba ikuyaka. Dave Grohl, woimba ng'oma wa Nirvana, anakhala miyezi osafuna kumva nyimbo, kenaka mu Okutobala 1994 analowa mu situdiyo n'kujambula yekha pafupifupi zida zonse za chimbale chimene chinadzakhala chiyambi cha Foo Fighters. Pixies anapasuka mu 1993 mwa njira yochititsa manyazi, mtsogoleri wawo atadziwitsa ena mwa anzake pa fakisi, ndipo anadzagwirizananso mu 2004 kudzakunkha m'munda umene anaulima okha koma okolola anali ena. Thom Yorke wa Radiohead, amene gulu lake linkatsegulira R.E.M. pa ulendo uja wa 1995, wanena kangapo kuti pamene kutchuka kunkafuna kumusokoneza mutu, amene anamulangiza anali Stipe. Dzanja limene linakanidwa ku Seattle linagwiridwa ku Oxford. Ndipo R.E.M. yeniyeniyo inatseka chitseko pa 21 Seputembala 2011, patatha zaka 31, eni ake osasumirana, osanyamula maliro a mnzawo, ndi uthenga wachidule wothokoza owamvera. Nkhani yotereyi sigulitsa malaya. Nkhope ya Cobain ndimaiona pa masikipa a pakaunjika ku Lilongwe, atavala ana amene sadziwa kuti ndi ndani. Ya Berry sindinaionepo.

Sindinapepese ndi pakamwa. Pabanja pathu mng'ono sapepesa mkulu wake ndi chiganizo. Amabwera ndi thumba la feteleza mvula ikayandikira, ndipo ndakhala ndikubwera nalo. Achimwene anadutsa zaka 50, ali ndi ana anayi, ngolo ya ng'ombe, ndi mankhwala amene amamwa tsiku lililonse osaphonya chiyambire kuperekedwa ulere mu 2004. Loweruka masana amaphunzitsa kwaya ya achinyamata pa gitala yomwe ija, imene mwini wake amawabwereka.

Mu Juni 2024 anthu anayi aja analandira ulemu ku New York, ku Songwriters Hall of Fame, ndipo anakwera pansanja kukaimba onse pamodzi poyera, koyamba chichokere mu 2007, n'kuimba nyimbo imodzi yokha: ija amayi anailetsa. Mwezi wotsatira ndinapita kumudzi, m'chisanu cha ku Dedza chija choluma makutu, kanema wake ali mu foni. Ndinawapeza achimwene pabwalo akusankha kachewere, wamkulu uku, wambewu uko. Ndinasowa poyambira, choncho ndinangowapatsa foniyo. Anavala magalasi. Mandolini itangolira anamwetulira osakweza mutu.

"Remu," anatero. "Akalamba."

"Uyo wa nsidze zambiriyo ndi mlimi ngati inu," ndinatero. "Anasiya kuimba mu 1997."

"Amalima chiyani?"

"Udzu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kuti aone ngati ndikuwaseka. "Udzu? Ife tikuthera mphamvu kuupalira, iye akuchita kuulima?" Ndinawafotokozera za ng'ombe ndi akavalo a kumeneko, za chisanu chimene chimaumitsa msipu, za mathirakitala omanga mitolo. Anafunsa ngati uli ndi msika, ndi ngati umadya feteleza wambiri. Kenaka anabweza kanemayo poyambira, ulendo uno atasendeza foni pafupi ndi khutu, ndipo ndinaona zala za dzanja lawo lamanzere, zakuda ndi dothi, zikuyenda pa bondo kusaka malo ake. Amayi, amene maso anawathera koma makutu ali bwino, anafunsa kuchokera pakhonde kuti ndi nyimbo yanji imeneyo yokoma chonchi. Tinayang'anana, ndipo palibe anawayankha.

Nyimbo isanathe kachiwiri, mwana anabwera akuthamanga kudzanena kuti lole ya ogula yaima kumsewu ndipo sidikira. Achimwene anandibwezera foni, naimirira atagwira msana.

"Usafufute zimenezi," anatero. "Tiye ukandiwerengere katundu. Matumba a anthu amenewa amakula chaka ndi chaka."